Mwana wamantha saphunzira: zimene sukulu ingachite ndi mabala a mumtima

Mu Januwale 2022 boma la Zambia linachotsa malipiro m'masukulu ake, kuyambira ku sukulu za mkaka mpaka Giredi 12, ndipo chaka chomwecho linalemba ntchito aphunzitsi opitirira 30,000. Kuno ku chigawo cha Kum'mawa makalasi anadzaza mpaka ana ena kumakhala pansi. Za kuchepa kwa madesiki, mabuku ndi zimbudzi takamba zambiri, koma sitinadzifunse mokwanira kuti ana amene anabwerera aja ndi otani. Ambiri ndi omwe umphawi unawatulutsa m'sukulu poyamba: mnyamata amene wakhala zaka akuweta ng'ombe za eni ku Katete kapena ku Chadiza kuti adzapatsidwe ng'ombe imodzi, mtsikana amene wachotsedwa ku ukwati waubwana, mwana wamasiye amene wakhala akuponyedwa kwa azakhali, kwa agogo, kenako kwa amalume. Ana amenewa anabwera ndi makope, komanso ndi zonse zimene maso awo anaona.

Mukakhala mu staffroom nthawi ya buleki, madandaulo ake ndi amodzimodzi ku Chipata, ku Petauke ngakhale ku Lundazi. "Ana a masiku ano samva." "Uja ndi wouma mutu, temu yonse palibe chalowa." "Anatilanda mkwapulo, ndiye tiziwalanga ndi chiyani?" Aphunzitsi olankhula choncho sakunama, ndipo ambiri ndi anthu olimbikira amene angotopa. Koma pakati pa ana amene timati osamva, aulesi kapena ouma mitu, alipo ambiri ndithu amene vuto lawo ndi mantha. Thupi lawo limakhala tcheru usana ndi usiku, ndipo mwana wotero saphunzira, kaya mphunzitsi akhale waluso chotani. Apa m'pamene pagona nkhani ya masukulu ozindikira mabala a mumtima, amene akatswiri a zamaganizo amati trauma.

Bala limeneli limabwera bwanji

Si chisoni chilichonse chimene chimasanduka bala. Mwana akalephera mayeso, akayambana ndi mnzake kapena akadzudzulidwa, zimamuwawa, koma mawa lake amadzuka n'kupitiriza, ndipo kuwawa kotere kumamukhwimitsa. Bala limabwera chinthu chikamuposa mphamvu: waona kuti moyo wake, thupi lake kapena moyo wa amene amamulera uli pachiswe, kothawira kulibe, ndipo pambuyo pake palibe wamkulu womukhazika mtima pansi. Nthawi zina chimakhala chinthu cha tsiku limodzi, monga ngozi ya minibasi pa msewu wa Great East, nyumba kupsa usiku, kapena njovu kuponda munthu m'munda, zimene ana a ku Mambwe pafupi ndi South Luangwa sachita kumvera pa wailesi. Koma mabala ovuta kwambiri m'kalasi ndi a zinthu zobwerezabwereza, zochitidwa ndi munthu amene mwanayo amadalira: atate amene akamwa kachasu amamenya amayi, wachibale amene amalowa m'chipinda usiku, mayi womupeza amene amamumana nsima. Mwana wotere amakula akudziwa kuti munthu wamkulu ndi woopsa, ndiyeno timamutumiza kusukulu kumene akuluakulu ndiwo olamula chilichonse.

Ana oterewa si ochepa. Kafukufuku wa dziko lonse wa nkhanza zochitikira ana amene anachitika mu Zambia mu 2014 anapeza kuti pafupifupi mtsikana mmodzi mwa 5 alionse, ndi mnyamata mmodzi mwa 10, anachitidwapo nkhanza zogonana asanafike zaka 18. Omenyedwa anali ochuluka koposa: pafupifupi mtsikana mmodzi mwa 3 ndi anyamata awiri mwa 5. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anaonetsa kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali ndi mwana kapena pakati, ndipo kuno Kum'mawa chiwerengerocho chinali pafupifupi 40. Onjezanipo 2024, chaka chimene kolera inachedwetsa kutsegula masukulu mpaka pa 12 Febuluwale, ndipo pa 29 mwezi womwewo Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chafika pokhala tsoka la dziko. Njala ikalowa m'nyumba, ndewu zimachuluka, atsikana amakwatitsidwa msanga, anyamata amapita ku ganyu. Mphunzitsi amene ali ndi ana 80 patsogolo pake asakayike, ena mwa iwo agona ndi mantha usiku wathawu.

Chimene chinatsegula maso azaumoyo pa nkhaniyi ndi kafukufuku wa ku America wa zowawa zimene anthu anakumana nazo ali ana, wotchedwa ACE, amene anatsogoleredwa ndi madokotala awiri, Vincent Felitti wa ku bungwe la zaumoyo la Kaiser Permanente ku San Diego ndi Robert Anda wa ku CDC, bungwe la boma lolimbana ndi matenda. Zotsatira zoyamba zinatuluka mu 1998. Anafunsa akuluakulu opitirira 17,000 za ubwana wawo: kumenyedwa, kugwiriridwa, kunyozedwa, kukulira m'nyumba ya uchidakwa, ya ndewu kapena ya kholo lomangidwa. Pafupifupi awiri mwa atatu alionse anali atakumana ndi chimodzi mwa zimenezi, ndipo zikamachuluka, mpata wodwala matenda a mtima, kuvutika maganizo, kumwa mowa mwauchidakwa ndi kuyesa kudzipha unkakweranso. Koma tisautenge kafukufukuyu ngati maula. Amanena za gulu la anthu, sanena kuti mwana uyu adzakhala wotani. Anda mwiniwake analemba mu 2020 kuchenjeza kuti chiwerengero cha ACE chisagwiritsidwe ntchito poyezera munthu mmodzi. Ndikutchula zimenezi chifukwa masukulu ena kunja anayamba kugawira ana mapepala a mafunso oti achonge nkhanza zimene anakumana nazo. Ife tisatengere zimenezo. Kufunsa mwana zinsinsi zake ulibe kokamutula n'kumuvulaza kachiwiri.

Zimene zimachitika m'thupi

Mkati mwa ubongo muli kachigawo kakang'ono kotchedwa amygdala, kamene ntchito yake ndi kuzindikira zoopsa. Kakaona choopsa, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol: mtima umagunda mofulumira, mpweya umathamanga, magazi amapita ku miyendo ndi mikono, kugaya chakudya kumayamba kwaima. Zonsezi zimachitika munthu asanaganize n'komwe, ndipo ndi zabwino, chifukwa ndi zimene zimatidumphitsa tikaona mphiri panjira. Pa nthawi imeneyo chigawo cha ubongo cha kuseri kwa mphumi, chimene chimalingalira, kusunga malangizo ndi kuletsa munthu kuchita zinthu mopupuluma, chimagwira ntchito mofooka. Chigawo chimenechi ndicho chimafunika pochita masamu ndi powerenga, ndipo sichikhwima mpaka munthu atafika zaka za m'ma 25.

Kwa mwana amene akukula mwamtendere, choopsa chikadutsa thupi limabwerera mwakale. Kwa amene zoopsa sizitha, thupi limazolowera kukhala chire, ndipo limayamba kuona ngozi ngakhale pamene palibe. Aliyense amene anayendetsako ngolo amadziwa kuti ng'ombe yokulira mkwapulo imadzidzimuka munthu akangokweza dzanja, ngakhale akufuna kuiingira ntchentche. Mwana nayenso akhoza kudzidzimuka ndi chitseko chomenyetsedwa, mawu okweza a mwamuna, fungo la mowa, lamba, kapena kuuzidwa kuti "utsalire anzako akaweruka". Iye mwini kawirikawiri sadziwa chimene chamudzidzimutsa. Mukamufunsa kuti wachitiranji zimenezi n'kuyankha kuti "kaya", nthawi zambiri akunena zoona.

Mantha amenewa amaoneka mosiyanasiyana. Mwana wina amalimbana: mnzake akangomukhudza phewa, chibakera chatuluka kale, ndipo mphunzitsi akamukalipira amayankha mwamwano. Wina amathawa: amapempha kupita kuchimbudzi kosalekeza, amazemba buleki ikatha, amajomba Lolemba lililonse. Wina amauma: mumamufunsa funso, iye maso tong'o, pakamwa osatsegula, ngati mzimu wachoka. Ameneyu ndi amene timamutcha wouma mutu, ndipo tikamukalipira kuti ayankhe, m'pamene amaumiratu. Palinso wina amene amandidetsa nkhawa kuposa onsewa, chifukwa palibe amamudandaula. Ndi mtsikana waulemu kwambiri, wogwada bwino, wosesa m'kalasi asanauzidwe, wosakana chilichonse chimene wamkulu wanena. Nthawi zina ndi khalidwe labwino chabe. Nthawi zina ndi mwana amene anaphunzira kuti njira yopulumukira ndi kusangalatsa akuluakulu, ndipo ndi amene munthu woipa mtima amamupezerera mosavuta. Kuwonjezera apo pali kudwala mutu ndi m'mimba kosatha pamene kuchipatala sapeza malungo, kugona m'kalasi chifukwa usiku sagona, kukodza pogona kwa mwana wamkulu, ndi kutsika kwa mamakisi mwadzidzidzi.

Pali chinthu chimodzi chimene akatswiri ofufuza za kakulidwe ka ana, monga a ku Harvard, amachipeza mobwerezabwereza. Ana amene amadutsa m'zowawa n'kudzakhala bwino, pafupifupi onse amakhala kuti anali ndi munthu wamkulu mmodzi wodalirika, amene sanasinthesinthe. Munthu ameneyo akhoza kukhala agogo, mlangizi wa kutchalitchi, kapena mphunzitsi wa Giredi 4. Ubongo wa mwana umaumbika ndi zimene ukukumana nazo tsiku ndi tsiku, zoipa ndi zabwino zomwe, ndipo mwana amakhala kusukulu masiku asanu pa sabata.

Sukulu yozindikira mabala imachita zotani

Mu 2014 bungwe la boma la America loona za thanzi la maganizo, SAMHSA, linalemba ndondomeko imene masukulu ambiri amatsatira. Linati malo alionse othandiza anthu adziwe kuti mabalawa ndi ofala, azindikire zizindikiro zake, asinthe kachitidwe kawo malinga ndi zimene adziwazo, ndipo asavulazenso munthu amene anavulala kale. Kwa ine mfundo yomalizayi ndiyo yoyambira, chifukwa siifuna ndalama. Imangofuna kuti sukulu idziyang'ane.

Taganizani za zinthu zimene timachita tsiku ndi tsiku osaganizira. Kuwerenga mamakisi pa asembule kuyambira woyamba mpaka womaliza. Kuimika kutsogolo ana opanda yunifomu kapena nsapato. Kutseka geti kwa mwana wochedwa, osafunsa kuti wayenda mtunda wotani kapena kuti m'mawa anayamba watunga madzi ndi kusambitsa agogo odwala. Kupatsa ma prefect mphamvu zolanga anzawo. Zimbudzi za atsikana zopanda zitseko, zoyang'anizana ndi za anyamata, kuseri kumene aphunzitsi safikako. Kumuseka mwana amene wachita chibwibwi powerenga. Mwana amene kwawo kuli mtendere amapirira zimenezi n'kuiwala. Kwa mwana wovulala kale, chilichonse mwa izi chimatsimikiza zimene thupi lake limamuuza, zoti kunonso si kotetezeka.

Chofunika choyamba ndi kuti tsiku la kusukulu lizidziwika mmene liyendere. Mwana amene kwawo sadziwa ngati lero kuli nsima kapena ndewu amapeza mpumulo pa zinthu zosasintha: kalasi imayamba mofanana m'mawa uliwonse, ndondomeko ya tsiku yalembedwa pabolodi, malamulo ndi ochepa ndipo amagwira ntchito mofanana kwa mwana wa a hedi ndi mwana wa woweta ng'ombe. Ngati mawa kubwera alendo kapena mphunzitsi wina, ana auzidwiretu. Mphunzitsi amene amaima pakhomo n'kupereka moni kwa ana powatchula mayina amataya mphindi zochepa, koma amaona nkhope iliyonse isanakhale pansi, ndipo amadziwiratu amene wabwera atatupa maso. M'kalasi ya ana 80 kudziwa mayina onse ndi ntchito, sindikukana. Masukulu ena amagawana ana ovutika kwambiri, mphunzitsi aliyense n'kutenga ochepa oti azingowapatsa moni ndi kuwafunsa za tsiku lawo, kuti pasapezeke mwana amene palibe wamkulu aliyense akumudziwa.

Mwana akalusa, dongosolo la zochita ndi lofunika kwambiri. Katswiri wa ku America, Bruce Perry, amaphunzitsa kuti choyamba thupi likhazikike, chachiwiri mwana amve kuti muli naye limodzi, ndipo kukambirana za cholakwacho kubwere pomaliza. Ife timakonda kuyambira kumapeto, kumufunsa mafunso ndi kumulalikira mtima wake ukugunda ngati ng'oma, pamene mbali ya ubongo yomvera malangizo yatsekeka. Tiyerekeze kuti mnyamata wa Giredi 6 wagwetsa desiki mnzake atamulanda bolopeni. Mphunzitsi atsitse mawu m'malo mokweza, asamutsekereze pakona kapena kumugwira mwadzidzidzi, ndipo anene zochepa: "Mwanangu, ndaona wakwiya. Tuluka ukamwe madzi, ukhale pakhonde pomwe ndikukuona, ndikupeza." Kuyenda, kumwa madzi ndi kupuma mozama pang'onopang'ono zimatsitsa kugunda kwa mtima. Patapita mphindi 10 kapena 20, ali awiri pamalo oonekera, m'pamene amufunse chimene chinachitika ndi mmene akonzere zimene waononga. Desiki aidzutse, mnzake amupepese, ntchito imene yamudutsa ailembe.

Pa kukhazika thupi tili ndi chuma chimene sitichiwerengera. Nyimbo, kuwomba m'manja, ng'oma, chitelele cha atsikana, ngoma ya Angoni imene ana amaionera ku Mtenguleni pa Nc'wala, mpira wa masana, zonsezi zimayendetsa thupi pa kugunda kobwerezabwereza limodzi ndi anzako, ndipo zimatontholetsa. Sukulu ikamadula nthawi ya masewera ndi nyimbo kuti iwonjezere maphunziro a mayeso, ana amene imawalanda kwambiri ndi omwe akuvutikawa. Chimodzimodzinso phala: pamene pali chakudya cha kusukulu, mwana wanjala amayamba wakhazikika asanatsegule buku.

Nanga mwambo?

Funso limeneli makolo amafunsa pa misonkhano ya PTA, ndipo ndi loyenera. Amati m'mera m'poyamba, ndipo ambiri a ife tinakwapulidwa koma tinakula. Kuzindikira mabala a mwana sikutanthauza kumulekerera. Mwana wovulala amafuna malire kuposa wina aliyense, chifukwa malire omveka ndi osasintha ndiwo amamusonyeza kuti pali wamkulu amene akugwira zinthu. Chimene chimasintha ndi mtundu wa chilango. Chikhale chogwirizana ndi cholakwa, chodziwika kale, choperekedwa mphunzitsi mtima uli m'malo, ndiponso chosachititsa manyazi. Kukumbitsa dzenje mwana amene sanalembe homuweki sikumuphunzitsa masamu, ndipo kumuthamangitsa sabata ziwiri kumangomubweza kunyumba komwe kuli vutolo.

Lamulo nalo linanena kale. Kukwapula ana m'masukulu kunathetsedwa mu 2003, lamulo la maphunziro la 2011 linabwerezanso, ndipo Children's Code Act ya 2022 inatsindika kuti mwana asalangidwe pomuvulaza thupi. Komabe tonse tikudziwa kuti ndodo ikadali kuseri kwa chitseko m'makalasi ambiri, chifukwa aphunzitsi analandidwa chida osapatsidwa china. Ku Uganda, bungwe la Raising Voices linayesa njira yotchedwa Good School Toolkit m'masukulu a pulayimale 42 m'boma la Luwero. Aphunzitsi, ana ndi makolo ankapangira limodzi malamulo ndi kuphunzira njira zina zolangira. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2015 zinaonetsa kuti mpata woti mwana amenyedwe ndi wogwira ntchito pasukulu unatsika ndi 42 peresenti. Masukulu amenewo anali a makalasi odzaza ndi a ndalama zochepa ngati athu.

Atsikana obwerera kusukulu atabereka ndi gulu lofunika kulitchula palokha. Ndondomeko yowalola kubwerera inayamba mu 1997, ndipo kumapeto kwa 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa kuti ukwati uliwonse wa munthu wosafika zaka 18, ngakhale wachikhalidwe, usawerengedwe. Mafumu athu, kuyambira Kalonga Gawa Undi, Nkhosi yama Nkhosi Mpezeni ndi Mfumu Madzimawe, akhala akudzudzula maukwati a ana. Koma pepala lomulola kubwerera silimuteteza mtsikana ku mawu oti "amake mwana, tayankhani" ochokera kwa mphunzitsi, kalasi yonse n'kuseka. Ambiri mwa atsikanawa mimba anaitenga mokakamizidwa. Amene wabwerera walimba mtima kwambiri, ndipo nthabwala imodzi yotere ikhoza kumubweza kunyumba osadzabweranso.

Mwana akaulula

Sukulu ikakhala malo otetezeka, ana amayamba kulankhula, ndipo mphunzitsi aliyense ayenera kudziwiratu chochita. Kawirikawiri mwana sanena zonse. Amayamba ndi kachidutswa, monga "amadamu, sindifuna kupita kunyumba", n'kuyang'ana nkhope yanu kuti aone ngati mungazisenze. Musadzidzimuke moonekera, musamufunse kuti "bwanji sunakuwe?" kapena "unkafunako chiyani kumeneko?" Muuzeni kuti mwamumva, kuti wachita bwino kunena, ndi kuti si iye wolakwa. Musamulonjeze kuti simudzauza aliyense, chifukwa lonjezo limenelo mudzaliphwanya. Nenani zoona: "Mwanangu, nkhaniyi sindiuza anzako kapena aphunzitsi onse, koma ndiyenera kuuza anthu amene angakuteteze, ndipo ndikuuza ndisanatero." Musamufufuze ngati wapolisi kapena kumubwerezetsa nkhani kwa a hedi, a deputy ndi komiti yonse. Lembani mawu ake momwe wanenera, ndi tsiku lake, ndipo pepalalo lisungidwe pobisika.

Ngati wagwiriridwa, nthawi ndi yofunika kwambiri. Mankhwala oteteza ku HIV, a PEP, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo oletsa mimba mwadzidzidzi amagwira bwino akamwedwa msanga, pasanathe masiku 5. Choncho kuchipatala n'koyamba, kenako ku Victim Support Unit ya apolisi ndi ku ofesi ya Social Welfare. M'zipatala zina za boma muli One Stop Centre, kumene namwino, wapolisi ndi mlangizi amapezeka malo amodzi kuti mwana asazunguzike. Nambala ya 116 ya Childline ndi yaulere, ndipo angaimbe ndi mwana, mphunzitsi kapena kholo. Chimene ndikukana ndi mtima wonse ndi kukambirana nkhani yotere pakhomo, wolakwa n'kulipira mbuzi kapena ng'ombe kuti banja lisachite manyazi. Mwana amaona kuti ululu wake wagulitsidwa, ndipo womuvulaza uja akupitiriza kudutsa pabwalo.

Mwana akanena kuti "bola kufa", kapena akayamba kugawa zinthu zake ndi kutsanzika anzake, musazitenge ngati zachibwana. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo, koma kumamupatsa mpata wolankhula. Asasiyidwe yekha, aperekezedwe kuchipatala, ndipo makolo auzidwe kuti atsekere kutali mankhwala opopera thonje, fodya ndi ndiwo zamasamba, amene m'midzi mwathu amangokhala pawindo. Palinso za atsikana amene amagwa ndi kukuwa kusukulu, makamaka zogonera komweko, anthu n'kuthamangira kunena za ziwanda. Pemphero limatonthoza mabanja ambiri ndipo sindilinyoza. Koma kuzungulira mwana wogwa anthu 30 akufuula kumawonjezera mantha ake ndi a anzake. Achotsedwe pagulu, akhale pamalo a phee ndi mphunzitsi wamkazi mmodzi, ndipo akayezedwe malungo, kuchepa kwa magazi ndi khunyu, kwinaku wina akumvetsera zimene zikumuvutitsa.

Mphunzitsi si dokotala

Ana ambiri amachira ndi chitetezo, chikondi ndi nthawi. Ena amafuna chithandizo chapadera, monga amene patha mwezi ndi kuposerapo akulotabe zoopsa, akuona chochitikacho ngati chikubwereranso, kapena asiya kudya ndi kucheza. Chithandizo chimenechi chilipo ndipo chinayesedwa m'dziko mwathu momwe muno. Ofufuza otsogoleredwa ndi Laura Murray wa ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anayesa uphungu wotchedwa TF-CBT pa ana 257 a zaka 5 mpaka 18 ku Lusaka, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2015. Zizindikiro za mabala a mumtima zinatsika ndi pafupifupi 82 peresenti mwa ana olandira uphunguwu, poyerekeza ndi 21 peresenti mwa olandira chithandizo cha masiku onse. Chondilimbitsa mtima n'chakuti opereka uphunguwo sanali madokotala, anali anthu wamba ophunzitsidwa bwino ndi kuyang'aniridwa. M'dziko limene akatswiri a matenda a maganizo ndi ochepa ndipo chipatala chachikulu cha matendawa, Chainama, chili ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 500 kuchokera ku Chipata, zimenezi zikusonyeza kuti aphungu otere tikhoza kukhala nawo ku Sinda ndi ku Vubwi ngati boma ndi mabungwe ataikapo mtima.

Umboni wa uphungu ndi wolimba kuposa wa mapulogalamu a sukulu yonse. Mu 2019 ofufuza otsogoleredwa ndi Brandy Maynard anasanthula zolembedwa zambirimbiri za masukulu ozindikira mabala, ndipo sanapeze kafukufuku ngakhale mmodzi wofika pa muyezo wokhwima umene anaika. Choncho bungwe likabwera ndi wekishopu ya masiku awiri, malawansi ndi zikwangwani, n'kulonjeza kuti sukulu yasinthika, a hedi afunse mafunso. Zimene zili ndi umboni ndi zigawo zake: kusiya kumenya, kukhala ndi wamkulu wodalirika, kudyetsa ana, ndi kutumiza ovutika kwambiri kwa aphungu odziwa ntchito. Pa zimenezi m'pamene sukulu iike mphamvu zake.

Aphunzitsi nawonso ndi anthu a m'midzi ndi m'makomboni omwewa. Ena anakulira nkhanza zomwezi, ena aika abale ambiri m'manda, ena malipiro amatha ndi ngongole mwezi usanafike pakati. Kumva nkhani zowawa za ana tsiku ndi tsiku kumalemetsa mtima, ndipo munthu amayamba kusagona, kupsa mtima msanga kapena kungouma osamvanso chisoni. Mphunzitsi amene wakalipiridwa ndi a hedi pamaso pa ana sangalowe m'kalasi n'kukhazika mtima wa mwana wolusa. Aphunzitsi a guidance m'masukulu ambiri ali ndi mapiriyodi odzaza ngati anzawo, ndipo alibe chipinda chokambiramo ndi mwana, moti amakambira pansi pa mtengo wa mango anzake akusuzumira. Mutu umodzi susenza denga. A hedi angawachepetsere mapiriyodi, kuwapezera kachipinda kokhala ndi windo loonekera, ndi kupatula nthawi mwezi uliwonse yoti aphunzitsi akambirane za ana ovuta popanda kutchula zinsinsi zawo. Bungwe la REPSSI lakhala likuphunzitsa aphunzitsi a m'Zambia za chisamaliro cha maganizo a ana, ndipo maphunziro otere ayenera kukhala mbali yaikulu ya zimene ophunzira a ku Chipata College of Education amatuluka nazo.

Temu isanayambe, pali ntchito ya tsiku limodzi imene sukulu iliyonse ingachite. A hedi ndi aphunzitsi a guidance apite okha ku kiliniki yapafupi, ku polisi ndi ku Social Welfare, akadziwane ndi anthu amene adzalandire mwana zikavuta, atenge manambala awo a foni n'kuwapachika mu ofesi. Akakhale pansi ndi a nyakwawa, a komiti ya m'dera yothandiza ovutika ya CWAC, alangizi a chinamwali ndi atsogoleri a mipingo, agwirizane kuti nkhani ya kugwirira mwana siidzathera pabwalo la mudzi. Agwirizanenso za mayendedwe, kaya ndi njinga yamoto ya ndani ndipo mafuta adzalipira ndani, kuti mwana wochokera kumudzi wakutali afike kuchipatala maola 72 aja asanathe.